MPANDO UMABWERA NDI NGONGOLE: CHIFUKWA CHAKE AMABA AKANGOKHALA PABWINO

 Mawu a sabata ino tawalemba kuti ngakhale amene bandulo yatsala pang'ono awerenge ndi kutumiza kwa ena.

Funso lomwe likubwera kwambiri m'magulu athu ndi ili: zimatheka bwanji kuti munthu amene dzulo timapanikizana naye m'minibasi, amene amakalipa za katangale pa wailesi, akangolowa ku Capital Hill amasanduka mbava? Ena akuti Amalawi ndi akuba chibadwire. Ena akuti vuto ndi chipani chakuti kapena mtundu wakuti. Ife tikukana zonse ziwiri. Dziko lino lasintha atsogoleri mu 1994, 2004, 2012, 2014, 2020 ndi 2025. Walamulapo wabizinesi, pulofesa, mayi, m'busa. Boma lililonse lomwe latuluka lasiya nkhani yake ya kusolola. Ngati aliyense wogona pamphasa akudzuka atalumidwa, osalimbana ndi khungu lake. Kutumulani mphasayo, muli nsikidzi.

Nsikidzi yoyamba ndi ngongole. Mpando kuno umagulidwa. Werengani zomwe munthu amawononga kuti akhale phungu: zitenje, mateesheti, malole otuta anthu, mabokosi a maliro, kangachepe ka mafumu, ya mowa ya anyamata oimba, kuyambira pa mapulaimale mpaka tsiku lovota. Ndalama zimenezo sizichokera m'thumba mwake zonse. Pali wabizinesi amene akuthira, ndipo sakuthira chifukwa chokonda Mgona. Akugula kontrakiti ya mawa. Ndiye bwana akamalumbira atagwira Baibulo kapena Korani, mwini ngongole amakhala ataima kale pakhomo.

Izitu si nkhambakamwa. Oswald Lutepo, amene anagamulidwa zaka 11 mu 2015 pa mlandu wa Cashgate wa ndalama zoposa K4 biliyoni, anali ndi udindo m'chipani cholamula cha PP. Mu 2018 lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB linaulula kuti K145 miliyoni inalowa mu akaunti ya chipani cha DPP kuchokera ku kampani ya Pioneer Investments, yomwe inali ndi kontrakiti yogulitsa zakudya kupolisi. ACB inati Pulezidenti sanapindule payekha, koma funso lathu lidakalipo: kampani yodyera m'boma ikupereka ndalama ku chipani cholamula chifukwa chiyani? Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, ndipo limati zipani ziziulula amene akuzithandiza. Inu munaonapo kampeni yopanda ma handauti?

Ngongole ina ndi yakumudzi. Munthu akangopatsidwa udindo, foni imayamba kulira m'mamawa: fizi ya mwana wa achemwali, feteleza wa amalume, chopereka cha kutchalitchi, timu ya mpira ya m'dera. Malipiro ake sangakwanitse mudzi wonse. Akakana amatchedwa wouma mtima. Akatuluka m'boma alibe nyumba ku Area 43 kapena ku Area 47, anthu amamuseka kuti anagona, eti wamkachisi amadya za m'kachisi. Umphawi ndi umene umapanga mzere pageti pa bwana, ndipo bwanayo amaugwiritsa ntchito ngati chophimbira. Amagawa K2,000 pamaliro, kuseri wasolola mamiliyoni omwe akanagula mankhwala oti malirowo asachitike.

Nsikidzi yachiwiri ndi mdima. Munthu amaba pomwe akudziwa kuti palibe akuyang'ana. Cashgate inkayenda chonchi: anthu amalowa m'makompyuta olipirira a boma a IFMIS, kulemba macheke kupita ku makampani omwe sanagulitse ngakhale msomali, ndalama nkutuluka kubanki, kenako nkufufuta zonse m'kompyutamo. Akauntanti wamng'ono, Victor Sithole, anapezeka ndi K112 miliyoni, kuphatikizapo madola ndi marandi. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha ya 2013, ndipo kenako chiwerengerocho chinafika pa K24 biliyoni. Ndiye taganizani chomwe chinautsa dziko: zipolopolo. Pa 13 September 2013 Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, anawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43, ndipo mpamene chinsalu chinang'ambika. Maiko otithandiza, omwe ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya bajeti, anaimika thandizo lawo. Anavutika ndani? Mayi wa ku Chinsapo amene anauzidwa kuti akagule yekha mankhwala kufamase.

Ndipo sayamba ndi mabiliyoni ayi. Amayamba ndi alawansi ya msonkhano womwe sanapiteko. Aona kuti palibe wafunsa. Mawa mafuta a galimoto ya boma. Mkuja kontrakiti kwa mlamu. Pofika pa biliyoni, chikumbumtima chinafa kalekale. Kumbukirani K6.2 biliyoni ya Covid: mu 2021 anthu akusowa mpweya m'zipatala, kafukufuku anaonetsa ndalama zambiri zitathera m'maalawansi ndi kugula zinthu mosatsata malamulo, mpaka nduna ya zantchito Ken Kandodo inachotsedwa. Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza wa AIP inalipiridwa ku Barkaat Foods, kampani ya ku UK yodziwika ndi za nyama. Butchala, anzathu! Cheke chotere chimadutsa m'manja angapo, ndipo aliyense anasaina podziwa kuti inu ndi ife sitidzaona pepalalo.

Nsikidzi yachitatu ndiyo yoopsa kwambiri: kuba kulibe mtengo, koma kulimbana ndi akuba kuli ndi mtengo. Bakili Muluzi anamangidwa koyamba pa za katangale mu 2006, ndipo mlandu wake wa K1.7 biliyoni unathetsedwa mu 2023 osafika pa chigamulo. Zaka 17! Enafe tinali tisanayambe sukulu pomwe unkayamba, tamaliza digiri mlandu uli pomwepo. Pomwe mnyamata woba foni pa depoti sabata siyitha, ali ku Maula. Tsono onani mbali inayo. Issa Njauju, mmodzi mwa akuluakulu a ACB, anaphedwa mu July 2015, galimoto yake nkupezeka itatenthedwa. Martha Chizuma, mkulu wa ACB amene ankafufuza nkhani ya wabizinesi Zuneth Sattar, anamangidwa m'bandakucha pa 6 December 2022 nkutengeredwa kupolisi ya Namitete. Wogwira ntchito m'boma aliyense anaona zimenezo ndipo anaphunzirapo kanthu.

Onaninso nthawi yomwe milandu imayenda. Treza Senzani, yemwe anali mlembi wamkulu mu unduna wa zokopa alendo, anagamulidwa zaka 3 mu October 2014, boma litasintha kale. Kawirikawiri kuno munthu amamangidwa chipani chake chikagwa. Ndiye phunziro lomwe andale amatolapo si lakuti "usabe" ayi. Amaphunzira kuti "usaluze". Ndipo kuti usaluze pamafunika ndalama zambiri za kampeni, ndiye umaba zochuluka kuposa poyamba. Gudumu limazungulira choncho.

Pamwamba pa zonsezi, mpando umatseka makutu. Bwana sakhala pamzere wa mafuta, magetsi akazima jenereta imadzuka yokha, akadwala amakwera ndege kupita ku South Africa kapena ku India. Omuzungulira onse amadya kudzera mwa iye, ndiye palibe womuuza kuti bwana apa mwalakwa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ife tinaimva pa mtengo wa shuga ndi lendi, iwo anaiwerenga m'nyuzipepala.

Koma tisanamizane kuti aliyense amagulika. Pa mlandu wa chisankho cha 2019 panali munthu wa ndalama, Thom Mpinganjira, amene anayesa kupereka ziphuphu kwa majaji. Majajiwo anakana, nkhani inakafika ku ACB, ndipo mu 2021 khoti linamugamula zaka 9. Pa 3 February 2020 majaji asanuwo anafafaniza chisankho cha Tippex. Analimba mtima, inde, komanso anali asanu oyang'anizana, mlandu unkamveka pa wailesi tsiku ndi tsiku, ndipo misewu inali yodzaza ndi anthu. Pamene pali kuwala ndi maso ambiri, munthu woongoka amapeza poimira.

Tsopano tiyankhule za ife eni, chifukwa apa mpomwe pali nkhani. Ambirife tili ndi zaka za m'ma 20, digiri ili m'sutikesi, tikudya kwa makolo kapena tikupalasa kabaza. Munthu wanjala ndiye wosavuta kugula. Gulu lathu likamakula adzabwera, ndipo sadzabwera ndi utsi wokhetsa misozi wokha. Adzabwera ndi ntchito, ka kontrakiti, mpando m'bodi, ulendo wa kunja. Tinaona Timothy Mtambo, amene anatsogolera zionetsero za HRDC mu 2019, akukhala nduna mu 2020. Sitikumunenera mlandu uliwonse. Tikungoti mpando ukhoza kufika kwa aliyense wa ife, ndipo nsikidzi sizifunsa kuti unkaimba nyimbo yanji pamsewu. Tikadalira mtima wabwino wa atsogoleri athu basi, tidzalira ngati mmene alirira makolo athu.

Choncho tikumangana tokha tisanamange ena. Ndalama iliyonse yolowa m'gulu, ngakhale K500 ya pa Airtel Money kapena Mpamba, iziikidwa poyera pamodzi ndi momwe yagwirira ntchito. Pasapezeke munthu mmodzi wosunga thumba yekha. Pasapezeke wokakumana ndi wandale kuhotela ali yekha, ndipo zomwe zakambidwa zizibwera kuno tsiku lomwelo. Amene walandira udindo m'boma kapena m'chipani atule pansi utsogoleri wa gulu, tidzamufunsa mafunso ngati wina aliyense.

Kunjaku, tiyatse magetsi pomwe iwo akufuna mdima. Lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Si la atolankhani okha, ndi lanu. Dera lililonse lisankhe ntchito imodzi, kaya mlatho, ngalande, kiyosiki ya madzi kapena buloko ya sukulu, ndipo lilembe kalata kukhonsolo: ndalama zinali zingati, kontrakitala ndani, analipidwa liti? Sungani kope yodindidwa, jambulani ntchitoyo momwe ilili, tumizani kuno. Lamulo la 2013 limakakamiza akuluakulu a boma kuulula chuma chawo, ndipo nzika ikhoza kupempha kuona zomwe analemba. Tiyeni tikapemphe. Wandale akabwera ndi envulopu m'dera mwanu, mufunseni pagulu kuti ndalamayo yachokera kwa ndani ndipo adzaibweza ndi chiyani. Achinyamata a ku Kenya mu June 2024 anawerenga bilu ya misonkho ndime ndi ndime, nkuimasulira m'zilankhulo zawo, mpaka Pulezidenti William Ruto anakana kuisaina. Anayamba ndi kuwerenga.

Tikatuluka pamsewu, tituluke mwabata. Wothyola shopu ya mnzake ku Biwi sali nafe, akungochita pang'ono zomwe akuluakulu akuchita pachikulu.

Tumizani uthengawu m'magulu a m'dera lanu, a kutchalitchi, a kumzikiti ndi a mpira. Amene muli ndi makolo opanda WhatsApp, awerengereni madzulo ano. Mayina a ntchito zomwe madera mwasankha tikuwadikira pofika Lachisanu.

 Tikhale maso.