FONI IKATI SOLA YAZIMA

Pa msonkhano wathu wapachaka, mnzathu wina amene amagwira ntchito yoika magetsi a dzuwa m'nyumba za anthu anapemphedwa kuti alankhulepo za ntchito yakeyo. Ambiri amene simunathe kufika mwakhala mukupempha kuti tikusindikizireni zimene ananena. Nazi tsono, monga momwe anazilankhulira.

Bambo wapampando, aphunzitsi athu opuma amene mwakhala kutsogoloku, ndi inu nonse anzanga amene tinadyera limodzi mgaiwa ndi nyemba za anankafumbwe, ndikupatsani moni.

Alembi athu atandiuza kuti ndidzalankhule za sola, ndinaganiza zofotokoza mitengo ya mapanelo ndi mabatire. Koma nditayang'ana mauthenga amene inu nomwe mumanditumizira, makamaka inu a ku Johannesburg ndi ku London amene munaikira makolo anu magetsi kumudzi, ndinapeza kuti dandaulo lalikulu ndi limodzi: "Achimwene, foni ikuonetsa kuti inveta yazima." Ndiye lero ndiima pamenepo.

Mukumbukira kuti mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Makina a kumeneko anadzayambanso kugwira ntchito mu 2023. M'miyezi yamdima ija ambiri tinagula sola, ndipo ine ndinaikira mayi anga ku Ntcheu: mapanelo padenga, inveta ya 5 kVA ndi batire la lithium. Sindinachite zimenezi chifukwa cha wailesi yakanema ayi. Mayi ali ndi nthenda ya shuga, ndipo mankhwala awo a insulin amafunika kusungidwa m'filiji, pakati pa madigiri 2 ndi 8.

Tsiku lina Loweruka m'mawa ndili ku Lilongwe ndinatsegula foni, n'kupeza kuti inveta ya mayi inasiya kutumiza uthenga cha m'ma 4 koloko madzulo a dzulo lake. Ndinaimba foni, osayankha. Ndinaimbanso, zii. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mtima unali pa mankhwala aja. Ndinathira mafuta m'galimoto n'kuuyatsa ulendo. Nditafika ndinapeza chitseko chokhoma, mayi ali ku maliro mudzi wapafupi, foni ataisiya pansi pa pilo. Nditatenga kiyi kwa aneba n'kulowa, filiji inali kulira bwinobwino, batire lili pa 80 peresenti. Chimene chinazima chinali rauta yokha, kabokosi kopereka Wi-Fi kaja. Ndinali nditailumikiza pa soketi ya pabalaza, imene siidutsa ku inveta. Magetsi a m'mawaya atathima m'dera lonselo, rautayo inathima nawo, pamene inveta inali kugwira ntchito yake mwakachetechete. Amene analumikiza motero si munthu wina, ndine ndemwe, amene mwandiitana lero ngati katswiri.

Phunziro loyamba ndi lomwelo. Foni ikanena kuti inveta sikupezeka, sikuti yanena kuti magetsi azima. Yangonena kuti uthenga sunafike. Musanachite china chilichonse, tumani munthu akaime patsogolo pa invetayo, aone ngati galasi lake layaka, ndipo akuwerengereni zimene zalembedwa. Ngati mababu akuyaka ndipo filiji ikulira, khalani pansi mumwe tiyi, vutolo ndi la uthenga chabe.

Tsono uthengawo umayenda bwanji? Pansi pa inveta kapena m'mbali mwake mumakhala kachipangizo kakang'ono kotchedwa dongle. Kameneka kamatenga manambala ku inveta n'kuwapereka ku rauta kudzera pa Wi-Fi. Rauta imawatumiza pa intaneti ku makompyuta a kampani, amene kawirikawiri ali kutsidya kwa nyanja, ndipo foni yanu imakawatenga kumeneko. Kawirikawiri foni yanu siilankhula ndi inveta mwachindunji, ngakhale mutaima pafupi nayo. Choncho pali milatho itatu: wa inveta ndi dongle, wa dongle ndi rauta, ndi wa rauta ndi dziko lakunja. Umodzi ukaduka, foni imanena mawu amodzimodzi.

Aphunzitsi athu a Sayansi, amene ndikuwaona akumwetulira apo, ankatipatsa babu, batire ndi tiwaya mu Fomu 2. Babu likakana kuyaka, sankalola kuti tisinthe zonse nthawi imodzi. Ankati sintha chimodzi, uyese, ulembe. Tinkaona ngati nkhanza, pakuti belu la chakudya linali litalira kale. Lero ndimadyera njira yomweyo.

Madongle ambiri ali ndi tinyali tosonyeza mlatho umene waduka. Mwachitsanzo, a mtundu wa Solarman, amene amabwera ndi mainveta ambiri, ali ndi titatu tolembedwa COM, NET ndi READY. READY akutanthauza kuti dongle ili moyo. COM akutanthauza kuti ikumvana ndi inveta. NET akutanthauza kuti uthenga ukufika kunja. Ngati tonse tazima kapena COM wazima, mwina dongle yakhwefuka pamalo pake. Ngati NET yekha ndiye wazima, yang'anani ku rauta. Mitundu ina ili ndi kanyali kamodzi kosintha maonekedwe, ndipo tanthauzo lake lili m'kabuku kaja munataya pamodzi ndi katoni.

Pa milatho itatuyi, umene umaduka kawirikawiri kwathu kuno ndi wachitatu, ndipo chifukwa chake n'chochititsa manyazi: bandulo yatha. Dongle payokha imadya intaneti yochepa kwambiri, koma adzukulu akabwera ku holide n'kudziwa pasiwedi, bandulo ya mwezi imatha masiku atatu. Chinanso, pali mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook okha. Mlongo wanu akagula yoteroyo adzakuuzani moona mtima kuti intaneti ilipo, popeza mauthenga ake akupita, koma uthenga wa inveta sudutsa pamenepo. Muuzeni atsegule tsamba lina lililonse la pa intaneti ali pa Wi-Fi ya m'nyumbamo. Likakana kutseguka, mwapeza wakuba. Simukhadi imene yakhala nthawi yaitali osathiridwa kanthu imathanso kutsekedwa.

Mlatho wachiwiri ndiwo uli ndi misampha yambiri, ndipo ndichedwapo pang'ono. Wi-Fi ya m'nyumba imayenda pa misewu iwiri, wa 2.4 GHz ndi wa 5 GHz. Wa 5 ndi wothamanga koma sufika patali ndipo umagonja msanga ku makoma. Wa 2.4 ndi wochedwa koma umafika patali. Madongle ambiri amadziwa wa 2.4 wokha. Marauta atsopano amakonda kuphatikiza misewu iwiriyi pansi pa dzina limodzi. Foni yanu imalumikizika bwinobwino, inu n'kumati zonse zili m'malo, pamene dongle sikuona kanthu. Mankhwala ake ndi kulowa m'makonzedwe a rauta, kutsegula wa 2.4 ndi kuupatsa dzina lakelake. Muli momwemo onaninso mtundu wa loko. Kuyambira 2018 kunabwera loko watsopano wotchedwa WPA3, koma madongle ambiri amadziwa WPA2 basi.

Nkhani ya pasiwedi nayo imavuta. Dongle imasunga dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi zimene inapatsidwa tsiku loyamba, ndipo imakakamira zomwezo ngati nkhalamba. Mukasintha pasiwedi pofuna kuthamangitsa ana a aneba, mwathamangitsanso dongle. Mukagula rauta yatsopano, chimodzimodzi. Njira yachidule ndi iyi: ipatseni rauta yatsopanoyo dzina ndi pasiwedi za yakale ija, chilembo ndi chilembo, chachikulu pa chachikulu, chaching'ono pa chaching'ono. Dongle idzalumikizika yokha osadziwa kuti pasintha kanthu. Ndipo pasiwediyo ikhale ya zilembo ndi manambala, chifukwa madongle ena amasokonezeka ndi zizindikiro zachilendo.

Ndiye pali mtunda. Inveta timakonda kuiika m'galaja kapena m'kachipinda kakuseri, nthawi zina m'kabati yachitsulo poopa akuba, pamene rauta ili pabalaza, makoma atatu a njerwa zootcha pakati. Chitsulo chimatchinga Wi-Fi koposa njerwa. Kaimeni ndi foni pamene pali dongle muone mphamvu ya Wi-Fi. Amene muli ndi pulogalamu yoyezera, manambala ake amakhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo: -50 ndi wabwino, -70 wayamba kufooka, -80 ndi wongoyerekeza. Uthenga ukamabwera n'kumadukaduka, kawirikawiri nkhani yake ndi imeneyi. Sendezani rauta, kapena gulani kachipangizo koonjezera mphamvu ya Wi-Fi. Inveta ikakhala ndi polowetsa chingwe cha netiweki, kokani chingwe, mudzagona tulo.

Pali kuyesa kumodzi kumene ndimakukonda chifukwa sikulira ndalama. Zimitsani rauta. Pa foni yanu tsegulani hotspot, muipatse dzina ndi pasiwedi za rauta ija, muonetsetse kuti ili pa 2.4, ndipo muiike pafupi ndi inveta. Dikirani. Madongle ambiri amatumiza manambala pa mphindi 5 zilizonse, choncho musathamange, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha mphindi 10 inveta ikaonekera pa foni, dziwani kuti dongle ilibe mlandu, vuto lili ku rauta, ku simukhadi kapena ku mtunda. Ikapanda kuonekera, ndiye tiyang'ane dongleyo.

Kuiphunzitsanso dongle Wi-Fi yatsopano si ntchito ya mainjiniya okha. Ya Solarman ija imaulutsa Wi-Fi yakeyake, dzina lake loyamba ndi AP kenaka nambala ya dongleyo, ndipo pasiwedi imalembedwa pathupi pake. Mukalumikiza foni pamenepo mumalemba 10.10.100.254 pamalo olemba adiresi ya tsamba, n'kusankha Wi-Fi ya m'nyumba. Chimene chimagwetsa anthu ambiri n'chakuti foni ikaona kuti Wi-Fi ya dongle ilibe intaneti, imathawa mwakachetechete n'kubwerera ku data ya m'simukhadi. Tsekani data musanayambe. Mitundu ina imachita zonsezi kudzera pa Bluetooth, ndipo pulogalamu yake imafuna muilole kudziwa malo amene muli. Mukaikaniza, siipeza kanthu.

Nthawi zina zonse m'nyumba zili bwino, tinyali tonse tayaka, koma makompyuta a kampani kunja kuja ndiwo agona. Funsani mnzanu amene ali ndi inveta ya mtundu womwewo. Ngati nayenso sakuona kanthu, dikirani mawa. Chimene ndikupemphani ndi mtima wonse n'chakuti musapite pa inveta n'kusankha zoibwezera mmene inachokera ku fakitale pofuna kukonza Wi-Fi. Mukatero mumafufuta makonzedwe a batire, ndipo vuto la bandulo ya ndalama zochepa limasanduka vuto la batire la mamiliyoni.

Izi zandifikitsa pa chingwe china chimene sichiyenera kusokonezedwa ndi zonse ndanenazi. Batire la lithium lili ndi ubongo wake, umene umauza inveta kuti ladzaza motani, latentha motani, ndiponso kuti lilandire moto wochuluka bwanji. Zimenezi zimadutsa m'chingwe cholowa pamalo olembedwa CAN kapena RS485 kapena BMS. Mutu wake ndi wofanana ndendende ndi wa chingwe cha kompyuta, koma chilankhulo chake n'china, ndipo tiwaya ta m'kati timasanjidwa mosiyana malinga ndi mtundu wa batire. Musachilowetse mu rauta, ndipo chikaduka musangogula cha kompyuta pa msika n'kubayapo. Uku ndiko kuduka kwa uthenga kumene kumazimitsadi magetsi. Kunyumba ina ku Zomba ndinapeza makoswe atachitafuna kuseri kwa kabati. Pa foni zonse zinkaoneka, Wi-Fi ili bwino, koma peresenti ya batire inasowa, inveta inalemba chenjezo n'kusiya kutchaja, ndipo banjalo linagona mumdima masiku awiri mapanelo ali padenga. Mukaona chenjezo lotchula BMS, jambulani galasilo ndi foni, mutumizire amene anakuikirani.

Ndipo chivundikiro cha inveta musatsegule. Mawaya ochokera ku mapanelo amanyamula mavoti mazanamazana dzuwa likawala, ndipo ngakhale mutazimitsa zonse, m'kati mumatsala moto kwa mphindi zingapo. Zonse ndafotokoza zija zimachitika kunja kwa bokosi.

Mawu amodzi kwa inu a kunja. Funsani kuti akaunti ya inveta ya makolo anu inalembetsedwa m'dzina la yani. Oika ambiri amalembetsa m'dzina lawo n'kukupatsani chilolezo chongoonera. Tsiku limene munthuyo adzasamuke kapena mudzayambane, mudzavutika kusintha chilichonse. Pemphani ikhale yanu, iye ndiye akhale mlendo. Lembaninso m'kope nambala ya inveta, nambala ya dongle, dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi, kopelo likhale kumudzi komweko.

Za ku Ntcheu zija, tsiku lomwelo ndinasamutsa rauta n'kuilumikiza pa soketi ya filiji. Mayi atabwera ku maliro anandipeza ndili chogwada kuseri kwa filijiyo, ndipo anandifunsa ngati kwagwanji kuti ndibwere osanena. Nditafotokoza anaseka, n'kunena kuti kabokosiko akanadziwa kuti kamandibweretsa kumudzi, bwenzi akukazimitsa okha mwezi ndi mwezi. Ndinawalembera nambala ya mwana wa aneba amene tsopano amandiwerengera galasi la inveta ndikamuimbira.

Pa tebulo la kumbuyoko ndaika dongle, rauta ndi zingwe ziwiri zija, cha kompyuta ndi cha batire. Tikamamwa tiyi bwerani muzigwire, muone ngati mungazisiyanitse.