Chikhristu chathu chikafike kukhitchini: zomwe tinayankhula pa msonkhano wa atsikana pa Dedza boma

Tikudziwa kuti kwazizira, Dedza ndi yomweyi, ndiye sititalikitsa.

Ambiri tabwera kuchokera ku Lilongwe, ena ku Blantyre. Lamulungu timavala bwino, timaimba kwaya, ena ndife a Chigwirizano, ena a Legio, ena a felosipu ya lanchi. Pa Facebook timalemba za ufulu wa amayi mpaka batire kutha. Koma lero tifunsane za munthu mmodzi yemwe sitimutchula: mtsikana wantchito wa kunyumba kwathu.

Eya, yemweyo. Amene anachokera kumapiri konkuno, ku Bembeke, ku Linthipe, ku Mayani. Tinauza makolo ake kuti "tikamuphunzitsa sukulu kutauni." Patha zaka ziwiri, yunifolomu sanaione. Amadzuka 4 koloko, amagona pambuyo pa tonse, amadya yekha pakhonde. Malipiro timati "tikukusungira." Ndipo madzulo tikamapemphera pabalaza, iye amakhala akutsuka mbale zathu.

Sitikuloza chala anthu ena. Ifenso tinakulira m'nyumba zotere. Mtsikana wa msinkhu wathu ankatichapira yunifolomu, ife n'kupita kusukulu, iye n'kutsala. Tinafika ku yunivesite, iye anabwerera kumudzi ali ndi pakati, ndipo m'nyumba palibe anafunsa kuti mimbayo ndi ya ndani. Tonse tinkadziwa. Tinakhala chete poopa kuchititsa manyazi banja lopemphera.

Baibulo lomwe timanyamula silikhala chete pa nkhani imeneyi. Mu Genesis 16 muli Hagara, wantchito wa m'nyumba ya Abrahamu ndi Sara, yemwe anazunzidwa mpaka kuthawira kuchipululu ali woyembekezera. Mngelo wa Mulungu anakamupeza komweko n'kumuitana ndi dzina lake. Kalata ya Yakobo, mutu 5, imadzudzula poyera anthu obisa malipiro a antchito awo. Ndiye tisamanamizane kuti izi ndi nkhani za mabungwe chabe.

Komanso Dedza yomwe ino inationetsa chitsanzo. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi ku Zomba Theological College kwa zaka 27 asanaitanidwe kudzakhala mfumu. Atafika, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, anabwezera atsikana kusukulu, ndipo nyakwawa zololeza maukwatiwo ankaziimitsa. Anayambira pakhomo pake, pakati pa anthu ake, pomwe mawu oona amawawa kwambiri. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo oyendetsera dziko mu 2017 zinakhazikitsa kuti munthu asakwatiwe asanakwane zaka 18. Nanga ife, mwana yemwe mfumu yamulanditsa ku ukwati tizimutenga kuti azitilerera ana athu?

Ndiye tikabwerera, tichite zinthu zinayi.

Choyamba, timufunse zaka zake. Ngati ndi mwana, malo ake ndi m'kalasi. Pulaimale ya boma ndi yaulere kuyambira 1994. Ngati tikufuna wotithandiza, tilembe munthu wamkulu.

Chachiwiri, malipiro apite m'manja mwake tsiku lomwe tinagwirizana. Chakhumi sichilowa m'malo mwa malipiro a munthu.

Chachitatu, akhale ndi tsiku lopuma, azipita kutchalitchi kwake, aziimbira foni makolo ake. Adye chomwe tikudya.

Chachinayi, chovuta kwambiri: akatiuza kuti abambo, achimwene kapena amalume akumugwiragwira, timukhulupirire. Tisamuthamangitse usiku ndi kachikwama. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo nambala ya 116 ndi yaulere pa nkhani za ana. Kupemphera tipemphere, koma mlandu ukafike komwe ukuyenera kufika.

Tikudziwa kuti ena mukukhala kwa makolo, mulibe mawu m'nyumba. Yambani pang'ono. Khalani pansi ndi amayi, muwauze mwaulemu kuti, "Amayi, mwanayu tinalonjeza kuti apita kusukulu." Mwina akukalipirani. Mubwerezenso mawa.

Mwezi wamawa tikakumana, aliyense abwere ndi yankho la funso limodzi: mtsikana wa kwanu uja dzina la makolo ake ndani, ndipo ali sitandade chani?

Tiyi ali kumbuyoko, tiyeni timwe asanazizire.