KODI SSD NDI YOYENERA NDALAMA ZATHU?

Pa msonkhano wathu wa pachaka padabuka mtsutso pa za makompyuta a kusukulu kwathu: tigule atsopano owerengeka, kapena tikonze akale omwe alipo? Komiti idapempha mnzathu wina, amene ntchito yake ndi yojambula ndi kukonza zosindikiza pa kompyuta, kuti atiunikire. Nawa mawu ake.

Zikomo a Wapampando, aphunzitsi athu opuma amene mwatilemekeza pobwera, amayi ndi abambo, ndi inu nonse amene tidadyera limodzi nyemba zofumbwa zija.

Monga mwamva mu lipoti, ana athu ayamba kuphunzira kukonza makalendala, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro ndi zikwangwani pa kompyuta, ndipo akudandaula kuti makinawo akuyenda ngati bilimankhwe. Ena mwa inu mwamva kwa ana anu kunyumba kuti mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa SSD. A Msungichuma akufuna kudziwa ngati n'zoona asanasaine cheke. Yankho langa ndi lakuti gulani, koma mudziwe nthenda imene kachipangizoka kamachiza, popeza sikachiza nthenda zonse.

Tabwererani nane m'kalasi nthawi yowerenga madzulo ija. Mutu wa wophunzira ndiwo purosesa. Desiki, pamene amayala mabuku amene akuwerenga nthawi yomweyo, ndiyo RAM. Sutikesi yake, imene ili kuhositeli, ndiyo disiki yosungiramo zonse. Buku likasowa pa desiki, mnyamata ayenera kunyamuka, kudutsa bwalo lampira, kukafufuza m'sutikesi n'kubwerera. Nthawi yonseyo mutu uli chikhalire, sukugwira ntchito. SSD ili ngati kutenga sutikesi ija n'kuiika pansi pa desiki. Ulendo wa kuhositeli watha. Komatu amene masamu ankamuvuta, amuvutabe.

Disiki yakale, imene timaitcha hard disk, ili ngati galamafoni: muli mbale zozungulira, kawirikawiri maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi, ndi kamkono koyendayenda kufunafuna pamene pali chinthu. Kampani ya IBM ndiyo idatulutsa yoyamba mu 1956. Mu SSD mulibe chozungulira chilichonse. Muli timatchipi ta flash, mtundu womwewo wa m'mafoni mwathu, umene Fujio Masuoka adaupanga ku Toshiba m'zaka za m'ma 1980. Hard disk yabwino imawerenga mamegabayiti pakati pa 100 ndi 200 pa sekondi. SSD yolumikiza pa waya wa SATA imafika pafupifupi 550, ndipo ya NVMe, yooneka ngati kachingamu kaja, imafika 3,500 kapena 7,000 kutengera mtundu wake. Koma chimene munthu amachimva m'manja si manambala amenewa ayi. Ndi kufunafuna kuja. Kamkono ka hard disk kamatenga pafupifupi mamilisekondi 10 kuti kapeze malo amodzi, pamene SSD imapeza mofulumira kuwirikiza pafupifupi ka 100. Kuyatsa kompyuta kapena kutsegula pulogalamu ndi kufunafuna timafailo zikwizikwi, ndiye muone nokha kusiyana kwake.

Tsono ntchito yathu yojambula ili ndi vuto lakelake. Chithunzi cha pepala la A3, chokonzedwera kukasindikiza pa madontho 300 pa inchi m'mitundu inayi ya inki, chimadya mamegabayiti pafupifupi 70 chisanasanjikizidwe kanthu. Mwana akasanjikiza zithunzi za makalasi onse, mawu, chizindikiro cha sukulu ndi mithunzi, desiki ija imadzaza msanga. Ikadzaza, pulogalamu ngati Photoshop imayamba kutaya katundu wotsala pa disiki, pamalo otchedwa scratch disk, n'kumakamutenganso ikamufuna. Apa ndi pamene kompyuta ya hard disk imauma gwa, mwana n'kumangoyang'ana kabwalo kozungulira mpaka belu kulira. Pa SSD kutayako kumachitikabe, koma mwachangu moti ntchito imayenda.

Nanga chimene sichisintha n'chiyani? Ngati mwana wamanga nyumba ya 3D mu Blender ndipo akudikira kuti chithunzi chomaliza chituluke, ntchito imeneyo ndi ya purosesa ndi khadi ya zithunzi. Ikatenga mphindi 40 lero, idzatenganso pafupifupi 40 mutaika SSD. Ndaonapo anthu akubweza katundu kusitolo mokalipa pa chifukwa chimenechi, chonsecho wolakwa si wasitolo. Ndiponso musakopeke ndi 7,000 uja. Kuchoka pa hard disk kupita pa SSD wamba ya SATA ndi kusiya njinga n'kukwera galimoto. Kuchoka pa SATA kupita pa NVMe, wopanga makalendala sangazindikire kwenikweni, amazindikira ndi wodula mavidiyo akuluakulu. Makina ambiri akale alibe n'komwe polowetsa NVMe.

Wina adafunsa panja paja kuti, kodi si zoona kuti SSD imatha ukamalembamo? N'zoona, koma tiwerengere. Samsung 870 EVO ya terabayiti imodzi, opanga ake adailonjeza kupirira materabayiti 600 olembedwa. Mutamalemba magigabayiti 50 tsiku lililonse, osapuma ndi Lamulungu lomwe, mungatenge zaka zoposa 30 kuti mufikepo. Ambiri a ife tidzakhala titatsogola.

Choopsa chenicheni n'china, ndipo ndidachiphunzira ndi misozi. Chaka china mu Disembala, nthawi imene mipingo yonse imafuna makalendala tsiku limodzi, ndidagula SSD yotchipa, ya dzina losadziwika, pa kasitolo kena m'tauni. Idagwira bwino miyezi ingapo. Tsiku lina magetsi adathima ndili pakati posunga ntchito, ndipo atayaka kompyuta idati mulibe disiki. Basi. Hard disk ikamafa nthawi zambiri imadwala kaye: imalira kuti khethe khethe, imachedwa, imakupatsa mpata wosamutsa katundu. SSD imatha kungogona osadzukanso, ndipo kuvuula zinthu m'menemo n'kovuta ndiponso kodula koposa. Ngakhale failo imene mwafufuta mwangozi, pa SSD imasesedwa msanga, mwina osapezekanso. Ndidabweza ndalama za makasitomala atatu, ndipo mmodzi mwa iwo mpaka lero amandipatsa moni wa kumbali. Walira mvula walira matope, anzanga.

N'chifukwa chake ndikupempha komiti kuti ma hard disk akalewo tisataye. Tiwachotse m'makina, tiwaike m'timabokosi tolumikiza pa USB, azikhala mu ofesi ya aphunzitsi, ndipo Lachisanu lililonse ntchito za ana zizikoperedwamo. Pa kusunga zinthu zambiri motchipa, hard disk ikadali mfumu. Tigule SSD za makampani odziwika, kwa wogulitsa wopereka lisiti ndi chitsimikizo, popeza zachinyengo zilipo, zolembedwa kunja kukula kumene mkati mulibe. Ya magigabayiti 500 pa kompyuta iliyonse ndi yokwana, malinga tisamaidzaze mpaka pakamwa, chifukwa ikadzaza imayamba ulesi. Pamene RAM ili 4 kapena 8, tiikweze ifike magigabayiti 16 ngati makinawo alola. Desiki ikakula, maulendo a kusutikesi amachepa. Ndalama ikatsalako, tigule UPS, kabatire kopatsa mwana mphindi zochepa zosungira ntchito magetsi akathima.

Pali chimodzi chimene sindingakubisireni. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 mu Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makina ambiri akale. Choncho ena mwa makompyuta athu masiku awo ndi owerengeka, pokhapokha titawaika Linux, mmene mapulogalamu aulere monga GIMP, Inkscape, Krita ndi Blender amayenda bwinobwino. Koma zimenezi zisatiletse kugula, chifukwa SSD si simenti: tsiku limene tidzapeze makina atsopano, tidzaimasula n'kuisamutsira m'menemo.

Ndikupempha anzanga awiri odziwa kugwira sikuludiraiva kuti tipite limodzi kusukulu Loweruka likubwerali, tikatsegule kompyuta iliyonse n'kulemba zimene zili m'kati, a Msungichuma asanatulutse tambala ndi imodzi yomwe. Mafuta a galimoto ndi anga.