Kupima Miyala ya Pansi pa Nthaka Popanda Kukumba

Madzi otentha amene amatumphuka pa Chawira, pafupi ndi boma la Nkhotakota, ndi mboni yakuti pansi pa gombe limeneli pali ming'alu yozama, pakuti nyanja yathu yagona m'chigwa chimene chinapangika pamene nthaka inang'ambika ndi kutitimira. Tsono wofuna kuboola pansi kuti apeze nthunzi yopangira magetsi ayenera kudziŵiratu kumene kuli thanthwe lolimba ndi kumene kuli mwala wophwanyika, chifukwa chitsime chozama chokumbidwa pamalo olakwika chimameza ndalama zambiri.

Njira yodziŵika ndiyo kupima mphamvu imene dziko limakokera nayo zinthu pansi. Pamwamba pa mwala wolemera mphamvuyi imakulirapo pang'ono zedi. Ndege za kauniuni zimene zinauluka m'Malaŵi muno mu 2013 ndi 2014 zinaipima m'madera ena. Koma njirayi ili ndi chilema: mwala waung'ono wapafupi ndi chimwala chachikulu chapansi penipeni zingathe kupereka muyeso wofanana. Ili ngati sikelo ya ogula mpunga, imene imatchula kulemera kwa thumba koma siulula pamene pabisala mwala.

Apa ndi pamene pamathandiza tinthu tosaoneka totchedwa muon. Timapangika kumwamba pamene cheza chochokera kutali kuthambo chiwomba mpweya, ndipo pafupifupi 10,000 timagwa pa sikweya mita imodzi mphindi iliyonse. Ngakhale tsopano lino tikupyoza denga lanu. Timapyozanso thanthwe, koma thanthwe lolemera limameza tambiri. Munthu akaŵerenga timene tatulukira mbali inayo ya phiri, amapeza chithunzi chonga cha ekisileyi ya kuchipatala. Mu 2014 akatswiri a ku Japan anafalitsa zimene anapeza ataphatikiza miyeso iŵiriyi pa phiri la Showa-Shinzan: umodzi unakwaniritsa pamene unzake unapereŵera, ndipo malo a miyala yolemera ndi yopepuka m'kati mwa phirilo anadziŵika.

Komabe tisafulumire kukondwa. Tinthuti timachokera kumwamba, kotero makina oŵerengera amaona zokhazo zimene zili pamwamba pake kapena pambali. Patsinde pa phiri la Chipata angagwire ntchito bwino. Koma pagombe lathyathyathya la Nkhotakota ayenera kutsitsidwa m'chitsime choboola kale, ndi kukhala m'menemo milungu kapena miyezi kufikira chiŵerengero chitakwana.