Mau Okamba za Mudzi wa Zomba ndi Anthu Ake

Mtsinje wa Likangala usanafike ku minda ya mpunga ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa uyamba wapyola m'tauni ya Zomba. Chifukwa chake mbiri ya mudziwo iyenera kudziwika kuno.

Harry Johnston anakhazika likulu la boma m'tsinde mwa phiri la Zomba m'chaka cha 1891, ndipo mudzi unakula pang'onopang'ono, wa akalaliki, asilikali a K.A.R. ndi Amwenye a masitolo. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, Nyumba ya Malamulo nitsatira mu 1994, ndipo ambiri anayesa kuti Zomba watha. Koma kalembera wa 1977 anapeza anthu 24,234, pamene wa 2018 anapeza 105,013. Sukulu ya Chancellor College, imene inafikako mu 1973, inakoka ambiri; ena ndiwo ana a midzi ino, otsata ganyu ndi malonda a matemba.

Tsono zinyalala ndi madzi oipa a khamu lonseli zitsikira mu mtsinje womwewo, umene mlimi wa ku Likangala athirira nawo mpunga ndi kusambitsamo ana ake.