Za Ulendo Wathu wa ku Zomba

Mau amene Mlembi wa Bungwe analankhula pa Msonkhano wa pa Caka

 Komiti inandituma kuti ndifufuze za ulendo wa ku Zomba umene unachulidwa pa msonkhano wa caka catha, ndipo lero ndadza kudzatula kwa inu zimene ndapeza, kuti eni ace a Bungwe muweruze nokha ngati tipite kapena tileke.

Ndiyambe ndi mau amene ndamva kwa ena a inu, pakuti si bwino kuwabisa. Alipo amene akuti ulendo wotere ndi kutaya ndalama cabe, popeza Bungwe lathu linakhazikidwa kuti tizithandizana pa maliro, pa matenda ndi pa fizi ya ana amasiye. Mau amenewa ndi a nzeru, ndipo ine sindiwanyoza iai. Alipo enanso amene akumbukira ulendo wa ku nyanja umene tinapangana zaka ziwiri zapitazo. Tinalembetsa maina anthu makumi anai, koma pofika tsiku, amene anali atapereka anali khumi ndi mmodzi okha. Mwini basi anatenga cikole cathu, ife tinabwerera ku nyumba ndi mbatata zathu zophika, ndipo kunali kulozana zala kufikira mvula inagwa. Manyazi a tsiku limenelo anagwera ine, cifukwa ndine ndinasunga buku la maina. Cotero zimene nditi ndinene ndazilingalira monga munthu amene anapsa kale.

Nanga ku Zomba tikukafunako ciani? Ndiloleni ndinene za ine mwini pang'ono. Ine ndinalekeza Folomu 4. Kuti munthu aganiziridwe malo ku yunivesite, afunika makirediti asanu ndi limodzi pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Cingerezi, ndipo ine ndinapeza asanu. Sindinena kuti ndinalibe aphunzitsi abwino, koma kufikira ndinalemba mayeso ndinali ndisanaonepo yunivesite ndi maso anga, kapena kulankhula ndi munthu wophunzira kumeneko. Kwa ine inali ngati dziko la m'nthano, kumene kumapita ana a anthu ena. Lero ndiri kalaliki, nchito imene ndiiyamika, koma makalata amene ndimataipa amasainidwa ndi anyamata ocepa kwa ine amene anapita ku Chirunga. M'midzi yathu muli ana ambiri anzeru amene akukula ndi khungu lomweli. Ndico cifukwa cace Komiti ifuna kuti pa ulendo uno titenge ana a Folomu 3 ndi Folomu 4, anyamata ndi atsikana mofanana.

Cifukwa caciwiri ndi ife eni. Abale athu a nthambi za ku Blantyre ndi ku Lilongwe timaonana nao pa manda pokha, ndipo pa manda sacezerapo. Ana athu sadziwana. Nkoyenera kuti tsiku lina tikomane popanda mtembo pakati pathu.

Tsono ndifotokoze za mudzi umene tikupitako, kuti tingakafike ngati anthu ogula tomato. Zomba ndiye anali likulu la dziko lino kuyambira 1891, pamene Harry Johnston anakhazika Boma la Azungu m'tsinde mwa phiri. Nyumba imene iye anakhalamo inamangidwa mu 1886, ndipo pambuyo pace inasanduka hotela ya Masongola. Pafupi pace pali munda wa mitengo ya mitundu-mitundu umene unayambidwa m'masiku a Johnston omwewo, ndipo mtsinje wa Mulunguzi upita pakati pace. Ku Zomba ndiko kunali bwalo lopanga malamulo, limene kwa zaka zambiri munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Mu 1956 munalowa Aafirika asanu osankhidwa, mwa iwo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene mafunso ao anasautsa Boma la Azungu. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba kufikira 1994.

Yunivesite ya Malawi inakhazikidwa mu 1964, caka ca ufulu wathu, ndipo inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre ndi ophunzira osafika 100. Chancellor College inasamukira ku Chirunga mu Zomba mu 1973. Mu 2021 makoleji ena anapatuka nakhala mayunivesite pa okha, ndipo dzina la Yunivesite ya Malawi linatsalira ku Chirunga. Cotero mukamva akulu akuti Chanco, ana nkumati Unima, dziwani kuti akunena malo amodzi.

Ana athu akamve kuti maphunziro a kumeneko anali ndi mtengo wace. Jack Mapanje, mlakatuli amene anali mkulu wa cigawo ca Cingerezi pa kolejiyo, anagwidwa mu 1987 nasungidwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu kufikira 1991. Ndipo pamene kalata ya Maepiskopi a Cikatolika inawerengedwa m'machalichi pa 8 March 1992, ophunzira a ku Chancellor College anayenda m'miseu ya Zomba kubvomereza kalatayo, m'masiku amene akulu ambiri anali kunong'ona m'nyumba zao. Caka cotsatira, pa 14 June 1993, dziko linasankha ndale za zipani zambiri.

Kulinso nyumba ya Boma yosungira makalata akale, National Archives, imene inayamba mu 1947. Monga kalaliki, iyi ndiyo ndiilakalaka koposa. M'menemo muli mafailo a maboma onse, ndi makalata amene mabungwe a makolo athu analembera Bwanamkubwa kupempha sukulu zabwino ndi kudandaula za msonkho ndi thangata. Bungwe loyamba la mtundu umenewu linayamba ku Karonga mu 1912, ndipo mlembi wace anali Levi Mumba. Ife amene timabvutika kusunga maminiti a miyezi itatu tikaone mmene anthu aja anasungira ao.

Tsono ndifike pa makonzedwe, ndipo ndipempha kuti mumvetsere bwino.

Coyamba, tsiku. Komiti iganiza Lacisanu ndi Loweruka loyamba la September. Mu June ndi July pa phiri la Zomba pamazizira kwambiri ndipo nkhungu imabisa zonse, pamene kuyambira November kuli mvula. Tasankha Lacisanu cifukwa maofesi a Boma sagwira nchito Loweruka, ndipo tikapita Loweruka lokha tikangoona zitseko. Ndiye kuti a pa nchito apemphe tsiku limodzi kwa mabwana ao nthawi ikalipo, osadikira sabata lomaliza. Msonkhano ukabvomera, ine ndidzalemba makalata atatu sabata lino: kwa Registrar wa Yunivesite, kwa mkulu wa Archives, ndi kwa mahedimasitala a ana amene tidzawatenge. Sitidzalipira cikole ca basi tisanalandire mayankho olembedwa.

Caciwiri, njira ndi pokomanira. Ife a kuno ku Ntcheu tidzanyamuka pa boma 5 koloko m'mawa, kudzera ku Balaka, kuoloka Shire pa Liwonde, ndi kupitirira ku Malosa ndi Domasi. A ku Lilongwe adzafike kuno Lacinai madzulo, tidzawagoneka m'nyumba zathu, kuti tikwere basi imodzi. A ku Blantyre ulendo wao ndi waufupi, wosafika makilomita 70, ndipo adzadziyendera okha. Tonse tikakomane 9 koloko pa cipilala ca asilikali a King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks, cimene cikumbutsa amene anafa pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918. Ndi cinthu cacitali cooneka patali, ndipo palibe anganene kuti anasokera. Tidzadikira theka la ora lokha. Wocedwa adzatilondole ku Chirunga.

Lacisanu m'mawa tidzakhala ku yunivesite, kuona Great Hall, laibulale ndi zipinda zophunziriramo, ndipo tapempha kuti ana a kwathu kuno amene akuphunzira kumeneko adzalankhule ndi ang'ono ao. Masana tidzapita ku Archives ndi ku nyumba zakale za Boma. Madzulo tidzadya pamodzi nthambi zonse zitatu. Loweruka tidzakwera phiri, limene nsonga yace ipitirira mamita 2,000. Mseu wace ndi wopapatiza ndi wokhotakhota, cotero basi yaikuru idzatsala pansi, ife tidzabwereka maminibasi. Agogo ndi ana ang'ono adzapumula pa damu la Mulunguzi, kumene kucokera madzi a mudzi wonse wa Zomba. A miyendo yolimba adzapitirira ndi wotsogolera njira kufika pa Emperor's View, malo okumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafika mu 1965. Kukakhala kopanda utsi, pamenepo munthu amaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Tidzatsika 2 koloko, kuti mdima usatipeze pa mseu.

Cacitatu, ndalama, pamene tinagwera kale. Thumba la maliro ndi la fizi sitidzalikhudza ngakhale tambala imodzi. Ulendowu udzakhala ndi buku lace-lace. Komiti idzafunsa mtengo kwa eni mabasi atatu ndi ku nyumba zogona alendo za mipingo, ndipo mtengo wa munthu mmodzi udzalengezedwa kumapeto kwa May. Ali yense adzapereka katatu, mu June, mu July ndi mu August, kwa Msungi wa Cuma yekha, nalandira lisiti. Dzina lidzalowa m'buku pa tsiku limene munthu wapereka gawo loyamba, pakuti kukweza dzanja pa msonkhano sikulipira dizilo. Wosintha maganizo July asanathe adzabwezeredwa zace. Pambuyo pace iai, popeza mpando wace udzakhala utalipiridwa. Ngati pa 31 July opereka sadzakwana theka la basi, tidzaimika ulendo ndi kubweza ndalama zonse tisanataye cikole.

Cacinai, ana. Mamembala ali yense wopita aonjezepo gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wace, kuti ana amasiye amene Bungwe liwalipirira fizi apite ulere. Amene simudzatha kupita koma mufuna kutumiza mwana wa mnzanu, buku liri lotsegula. Mwana ali yense adzabwere ndi kalata ya kholo kapena womusunga, ndi kope lolembamo. Amai awiri adzayang'anira atsikana, abambo awiri anyamata, ndipo adzawerengedwa pokwera ndi potsika pali ponse.

Cacisanu, zotenga ndi khalidwe. Ali yense atenge bulangeti, cobvala ca mphepo, ndi kamba wa tsiku loyamba. Odwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi asaiwale mankhwala ao. Mowa m'basi sudzaloledwa. Paja akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Tikupita kwa eni ace, ndipo mbiri imene tikaisiye ndiyo ana athu adzaipeze pamene adzapita kukaphunzira.

Bambo wa pa Mpando, sindilonjeza kuti mwana ali yense amene akaone Chirunga adzasankhidwa, pakuti malo ndi ocepa ndipo olemba mayeso ndi ocuruka. Koma mwana amene wakhala pa mpando wa m'laibulale muja, namva msuwani wace wa m'mudzi womwewo akufotokoza mmene anawerengera pa nyali ya koloboyi, adzabwerera ku Folomu 4 akudziwa cimene akulimbira. Ine ndinasowa tsiku lotere, ndipo sindifuna kuti ana amene tikuwalipirira fizi alisowenso.

Cotero ndipempha msonkhano uno zinthu zitatu: ubvomereze masiku amene ndachula, ulole Mlembi kulemba makalata aja, ndipo usankhe lero lomwe anthu anai oyang'anira ana. Walira mvula walira matope: amene mukweze dzanja tsopano, Msungi wa Cuma adzakudikirani ndi buku la malisiti pa msonkhano wa June.