NSOMBA YOSAMBIRA CHAGADA: MAU KWA ALIMI A NSOMBA A KU CHIRADZULU

Ena mwa inu muli ndi maiwe a makumba ndi chilinguni, enanso mumasunga tinsomba tokongola m'bokosi la galasi kusukulu kapena kunyumba. Nonsenu funso lanu ndi limodzi: kodi nsomba ikayamba kuyandama chagada, kapena kugona pansi chammbali, tichite chiani?

Poyamba tidziwe m'kati mwa nsomba. Mukatumbula chambo mudzaona kathumba kopyapyala kunsi kwa msana, pamwamba pa matumbo. Kathumbaka kali ndi mpweya, ndipo ndiko kamene kathandiza nsomba kuima pakati pa madzi osamira, osayandamanso. Chambo ndi abale ake alibe njira yochokera m'kathumbaka kunka kukamwa. Mpweya ulowa ndi kuturuka mwa magazi, pang'onopang'ono.

Anthu ogwira mbuna ku Nyanja ya Malawi zotumiza kunja adziwa bwino zimenezi. Nsomba imene aigwira pozama saikweza msanga, koma aiika m'mgolo ndi kuikweza pang'onopang'ono, nthawi zina masiku angapo. Chifukwa chake nchakuti mpweya wochokera pa mamita 10 ukafika pamwamba ufufuma kawiri, ndipo kathumba kangaphulike. Maiwe athu sali ozama chotero, koma phunziro ndi lomwelo: kathumbaka sikafuna zinthu zodzidzimutsa.

Tsono mvetsani ichi, pakuti ndiwo mutu wa mau anga. Kawirikawiri kathumba sindiko kamene kadwala. Nsomba yosambira mokhota iri ngati mwana wolira: itiuza kuti kanthu kena kalakwika, m'chakudya kapena m'madzi.

Choyamba ndi chakudya. Nsomba ikadya mopitirira, makamaka madeya ouma amene afufuma m'mimba, idzimbidwa, ndipo matumbo otupa apanikiza kathumba kaja. Madeya a chuku ndiwo oipa koposa. Chachiwiri ndi kuzizira. Kuno kwathu, m'miyezi ya June ndi July pamene chiperoni chiomba, madzi azizira ndipo mimba ya nsomba igaya mochedwa. Mlimi wothira madeya ochuruka monga achitira mu October adzavundisa madzi ndi kudwalitsa nsomba. Chachitatu ndi madzi auve, momwe tizirombo tosaoneka ndi maso tiswana ndi kulowa m'thupi la nsomba. Zina zibadwa zopunduka. Zotere zilibe mankhwala.

Nanga tichite chiani? Chitani izi motsatana:

1. Patulani nsomba yodwalayo. Iikeni m'ndowa yoyera, yosakhudza sopo kapena mankhwala a m'munda, pamthunzi. Madzi akhale ochepa, ongoibisa bwino, kuti isabvutike kusambira, ndipo asazizire kuposa kumene yachokera. Ngati ndi madzi a pampopi, yambani mwawagoneka usiku wonse.

2. Musaipatse chakudya masiku 2 kapena 3. Musaope, nsomba sifa ndi njala ya masiku atatu.

3. Thirani mchere wa m'nyumba, kasupuni kamodzi ka tiyi pa malita 2 a madzi. Mchere suchiza kathumba, koma upatsa nsomba mpumulo. Tsiku liri lonse chotsani gawo limodzi la magawo anai a madziwo ndi kuthira atsopano.

4. Masikuwo atatha, ipatseni nsawawa imodzi yophika, yochotsa khungu ndi kuiphwanya. Ikakhala ya m'dziwe, ipatseni timasamba tofewa todula bwino.

5. Ikayamba kusambira molunjika, dikirani masiku awiri ndi kuibwezera kwa zinzake. Ikapitirira sabata yosasintha, ndi bwino kuichotsa.

Musathire makapisozi a anthu m'madzi. Kutero nkutaya ndalama, nkuononganso mankhwala ofunika kwa odwala.

Pali zinthu ziwiri zimene musazisokoneze ndi bvuto limeneli. Mukaona nsomba zambiri ziri kukamwa yasa pamwamba pa madzi m'bandakucha, si kathumba ai, koma mpweya wachepa m'madzi. Pisani mkono m'dziwe. Ngati chikhato chabisika madzi asanafike pachigongono, manyowa achuruka. Lekani kuthira ndipo lowetsani madzi atsopano.

Chinanso ndi zilonda. Mu 2020 nthenda ya zilonda yochedwa EUS inapezeka ku Mchinji, ndipo inapha nsomba m'maiwe ndi m'mitsinje. Mukaona nsomba za zilonda zofiira, kapena nsomba zambiri zikufa pamodzi, musayese kuchiza nokha. Uzani mlangizi wa nsomba tsiku lomwelo. Akufazo zikwirireni kutali ndi madzi. Musagulitse ana a nsomba a m'dziwe limenelo, musabwereketse ukonde, ndipo musatsegulire madzi ake kumtsinje, pakuti mnzanu wa kumunsi adzalira chifukwa cha inu.

Kuweta nsomba m'maiwe kunayamba m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, ndipo ku Domasi, m'boma la Zomba, kuli malo a Boma ofufuza za ulimi umenewu. Nzeru ziripo, ndipo alangizi alipo chifukwa cha inu. Koma mlangizi sagona pa dziwe lanu. Mwini dziwe ndiye ayenera kuliyendera m'mawa ndi madzulo, kunyika madeya asanawathire, kuthira okhawo amene nsomba zitha msanga, ndi kuchepetsa chakudya nyengo yozizira. Nsomba imodzi yosambira chagada muione ngati chenjezo, ndipo mukachitapo kanthu msanga mudzapulumutsa dziwe lonse, ndiwo za ana anu, ndi ndalama ya sukulu.

Mau amenewa kawauzeni anzanu amene sanabwere.